Njinga yamoto yomwe idakana kufa

Patchuthi chapitachi ndidapita ku Lilongwe nditanyamula kajumbo, m'kati mwake muli pisitoni yopserera ndi tizitsulo tina ta injini. Zidali zotsalira za njinga yanga yamoto. Ndidaigula ndi ngongole, ndipo idafa ndisadamalize kubweza ngongoleyo. Anzanga amene mumagwira ntchito kumudzi mukudziwa kuti kwathu kuno njinga yamoto si yodzionetsera. Ndiyo imatifikitsa kubanki mwezi ukatha, ndiyo imakatenga choko ndi mabuku paboma, ndipo mayi woyembekezera akadwala pakati pa usiku, khomo loyamba kugogodedwa ndi la mwini njinga. Choncho njinga ikafa sulira wekha, mudzi wonse umakhala pamaliro.

Makaniko wakwathu adandiuza kuti masipeya ndikawasake ku Old Town. Nditatsika padepoti ndidayenda wapansi kulowera ku Malangalanga, uku ndikuzinda akabaza omwe amangotulukira ponseponse ngati ngumbi mvula ikakata. Atandilozera apa ndi apo, ndidafika pakagalaja kena kapansi pamtengo pomwe madala ena aimvi amakonza njinga. Adalandira pisitoni ija n'kuitembenuza mbali zonse, kenako adandiyang'ana.

"Aphunzitsi, oilo mudasintha liti komaliza?"

Ndidayamba kuwerenga miyezi ndi zala, mpaka zala za dzanja limodzi zidatha.

"Basi musavutike, yankho ndalipeza kale pachitsulochi," adatero madalawo.

Manyazi asadandichoke, kudamveka kulira kwina kosiyana ndi kwa njinga zonse za mumsewumo. Zakabaza zimalira mothamanga ngati njuchi zosokonezedwa. Iyi imati du! du! du! du! modekha, ngati mayi wodziwa ntchito akusinja ndi munsi wolemera. Tsiku limenelo ndidamvetsa chifukwa chake makolo athu adaitcha njinga yamoto kuti mthuthuthu.

Idali yakuda bii, nyali yake imodzi yozungulira ngati mbale, thanki yake ili ndi mizere yagolide, ndipo pathankipo padalembedwa kuti Royal Enfield. Amene adatsikapo adali bambo achikulire opuma pantchito, okhala ku Area 10. Adabwera kudzamangitsa tcheni basi. Koma chimene chidandigwira mtima si njingayo ayi. Bambowo adatulutsa kabuku m'thumba la jekete, kofiira ndi ukalamba, n'kulembamo tsiku ndi makilomita. Nditapempha kuti ndikaone, ndidapeza kuti tsiku lililonse lomwe adasintha oilo, pulagi, tayala kapena mabuleki lidalembedwa mmenemo, chaka ndi chaka, mwadongosolo kuposa kaundula wa kalasi yanga.

"Njinga iyi ndi yaikulu kuposa ana anu a Fomu 4," adatero akuseka. "Ndidaigula kwa munthu wina yemwe ankabwerera kwawo kunja, ndipo kabukuka kadabwera ndi njingayi. Ine ndidangopitiriza pomwe iye adalekera."

Atamva kuti ndili ndi kanthu kena kokachita ku City Centre, adati tipitire limodzi. Adamasula helemeti yachiwiri kumbuyo n'kundipatsa. "Wopanda ichi sindinyamula, ngakhale akhale mfumu," adatero. Tidawoloka mlatho wa Lilongwe, n'kukwera msewu wodutsa m'mbali mwa nkhalango ija ya pakati pa mzinda, mpaka tidaona nyumba ya malamulo ndi manda a Kamuzu. Njira yonseyo bambowo sadathamange, ndipo njingayo sidaoneke kuti ikuvutika ndi anthu awiri. Titakhala pansi kumwa zoziziritsa kukhosi adandisimbira mbiri yake. Nditabwerera kumudzi ndidaiwerenganso ndekha, ndipo ndaona kuti ndi nkhani yoyenera kugawana nanu sabata ino.

Nkhaniyi idayambira m'tauni ya Redditch ku England, yomwe idatchuka ndi kupanga singano ndi mbedza. Fakitale ina ya singano idayamba kupanga njinga zakapalasa, kenako idapeza ntchito yopanga tizitsulo ta mfuti n'kumatumiza kufakitale ya zida za boma ku Enfield. Dzina loti Royal Enfield lidachokera pamenepo, ndipo potsatsa malonda ankanena kuti katundu wawo ndi wopangidwa ngati mfuti. Njinga yawo yoyamba yamoto idatuluka mu 1901, pomwe Lilongwe adali mudzi chabe wa m'mbali mwa mtsinje. Idali njinga yakapalasa yomangirira kainjini kutsogolo, lamba wautali n'kumakazunguza tayala lakumbuyo.

Mtundu wotchedwa Bullet, kutanthauza chipolopolo, kampaniyo imauwerengera kuyambira mu 1932. Koma kusintha kwakukulu kudachitika mu 1948. Kale njinga zambiri zamoto zidali ngati zakapalasa: tayala lakumbuyo lidali lomangidwa nganganga kufelemu, sipuling'i ili pansi pa chishalo pokha. Amene mudapalasapo njinga pamsewu wa matope ouma mukudziwa mmene msana umamvera. Akatswiri a ku Redditch adaika tayala lakumbuyo pamkono wotha kukwera ndi kutsika, n'kuugwiriziza ndi mashoko awiri, monga tikuonera panjinga za lero. Izi zidapangitsa kuti Bullet izitha kuyenda ulendo wautali pamsewu woipa popanda kuthyola wokwerayo. Kumapeto kwa 1950, mtsikana wa zaka 22 wa ku Australia, Winifred Wells, adakwera Bullet 350 yekhayekha kuchoka ku Perth kukafika ku Sydney n'kubwereranso, mtunda woposa makilomita 8 000, m'masabata atatu okha, mbali ina akudutsa m'chipululu.

Chinsinsi cha kulira kuja nachonso n'chosavuta kumva. Injini yake ili ndi pisitoni imodzi yaikulu yoyenda mtunda wautali m'kati mwa silinda, ndipo imazunguza gudumu lachitsulo lolemera. Gudumulo likayamba kuzungulira silifuna kuima msanga, choncho injini sifunika kuthamanga kuti ikoke katundu. Imamenya pang'onopang'ono koma mwamphamvu. N'chifukwa chake pachitunda siilira ngati ikuphedwa. Koma mphamvuzo zili ndi mtengo wake: njingayi imalemera pafupifupi matumba anayi a chimanga, moti ikagwa pamchenga uli wekha, umayamba wapemphera.

Dziko la India litalandira ufulu mu 1947, asilikali ake ankafuna njinga yolimba yolonderera malire m'mapiri ndi m'zipululu, ndipo adasankha Bullet 350. Poyamba zinkabwera zathunthu kuchokera ku England. Mu 1955 kampani ya ku Redditch idagwirizana ndi ya Madras Motors n'kukhazikitsa Enfield India mumzinda wa Madras, womwe lero ndi Chennai. Apa ndipomwe ndikufuna mutchere khutu. Amwenye adayamba ndi kulumikiza zidutswa zobwera m'mabokosi. Kenako adagula makina opangira zidutswazo n'kuyamba kusula okha, lero ichi, mawa icho. Pofika mu 1962 njinga yonse inkapangidwa ku India. Zaka zisanu ndi ziwiri zokha kuchoka pomasula mabokosi kufika podzipangira.

Uku mwana akukula, kholo lidayamba kudwala. M'zaka za m'ma 1960 makampani a ku Japan monga Honda, Yamaha ndi Suzuki adadzaza misika ndi njinga zopepuka, zosadontha oilo, zosavuta kuliza, komanso zotsika mtengo. Angerezi adaziderera. Fakitale ya ku Redditch idatsekedwa mu 1967, ndipo pofika 1970 Royal Enfield idaleka kupanga njinga ku England. Makampani ena otchuka monga BSA nawonso adagwa m'zaka zotsatira. Koma ku Madras ntchito idapitirira, akupangabe njinga yofanana ndi ya m'ma 1950 ija. Mu 1977 Amwenye adayamba kugulitsa Bullet ku England komweko. Mwana adayamba kutumiza ufa kwa makolo.

Ndisakunamizeni kuti njingayi idali yopanda chilema. Eni ake omwe amavomereza kuti zakalezo zinkadontha oilo, mabuleki ake adali ofooka, ndipo poliza ndi mwendo inkatha kukubwezera kiki mpaka bondo kutupa. Giya idali kumwendo wamanja, buleki kumanzere, mosemphana ndi njinga zambiri za lero, monga ilili ya bambo a ku Area 10 aja. M'zaka za m'ma 1980, njinga zing'onozing'ono zosamwa mafuta za Hero Honda zitafika ku India, achinyamata adaithawa Bullet. Kampani ya Eicher, yodziwika ndi mathirakitala ndi malole, idatenga Enfield India mu 1994, koma pofika chaka cha 2000 zinthu zidafika poipa moti akuluakulu ankaganiza zogulitsa kapena kutseka. Nthawiyo inkagulitsa njinga pafupifupi 25 000 zokha pachaka.

Mnyamata wina wa m'banja la eni kampaniyo, Siddhartha Lal, yemwe adali asadakwanitse zaka 30, adapempha kuti ampatse mpata. Funso lomwe adalimbana nalo ndi lomwe limavuta banja lililonse, mpingo uliwonse ndi sukulu iliyonse: tisunge chiyani, titaye chiyani? Adasunga maonekedwe, kulira kuja, ndi mizere yagolide yomwe panjinga zina imajambulidwabe ndi dzanja. Adasintha zomwe zinkazunza wokwera: giya idapita kumanzere, injini ndi bokosi la magiya zidaphatikizidwa kukhala chimodzi, kudabwera batani lolizira ndi mabuleki abwino. Okonda zakale adadandaula kuti waononga njinga. Koma mu 2009 kudatuluka mtundu wotchedwa Classic, wooneka ngati wa nthawi ya agogo koma wamtima watsopano, ndipo anthu adachita kulembetsa n'kumadikira miyezi kuti aupeze. M'chaka cha malonda chothera mu March 2025, kampaniyo idagulitsa njinga zoposa 1 miliyoni. Lero anthu amakwera njingazi kupita kumapiri a Himalaya, m'misewu yokwera kuposa mamita 5 000, pomwe nsonga ya Sapitwa paphiri la Mulanje ili pamamita 3 002.

Mwina wina afunsa kuti, aphunzitsi, zonsezi zikutikhudza bwanji ife okwera kabaza? Njinga ngati imeneyi ku Lilongwe mungaione mwa apo ndi apo, Loweruka m'mawa, ikutuluka kumipanda italiitali ya ku Area 10, Area 12 kapena Area 43 kulowera kunyanja ku Salima, kapena ili ndi mlendo wodzaza zikwama wochokera kumalire a Songwe. Kwa iwo njinga ndi yokasangalalira. Kwa ife ndi khasu. Koma madala a ku Malangalanga aja adandikumbutsa kuti nazonso njinga zathuzi zili ndi gogo wawo.

Mu 1974 kampani ya Honda idatumiza akatswiri ake kumaiko monga Thailand, Indonesia, Philippines, Iran ndi Pakistan kuti akaone chifukwa chake njinga zawo zinkafa msanga kumeneko. Adapeza anthu akukwera atatu kapena anayi panjinga imodzi, akunyamula katundu woposa muyeso, akuyendera oilo mpaka kuda ngati phula, ndipo kwa makaniko ankapita njinga ikafa basi. Kodi simukuwadziwa anthu amenewa? Atabwerera ku Japan sadakhale pansi n'kumanyoza makasitomala. Adapanga injini yosavuta, yopirira oilo wakuda, yokhala ndi sefa ya mpweya yotha kuchapa n'kubwezeretsa. Njingayo ndi CG125, yomwe idatuluka mu 1975, chaka chomwe likulu la dziko lino lidasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe. Chaka chotsatira idayamba kupangidwa ku Brazil, komwe katswiri wa mpira Pelé ankaitsatsa, ndipo ku Pakistan ikupangidwabe mpaka lero. Makampani a ku China adatengera kapangidwe ka injiniyo, ndipo njinga zambiri zomwe zadzaza pa Bwalo la Njobvu ndi m'misika ya kumudzi ndi zidzukulu zake.

Apa ndipomwe manyazi anga adafika pachimake. Injini yomwe idapangidwa dala kuti izikhululukira anthu osasamala, ine ndidakwanitsa kuipha. Ndidafika ku Old Town ndili ndi mlandu wokonzeratu pakamwa, woti katundu wa masiku ano ndi wosalimba. Mbali ina ndi zoona: pali masipeya ena pamsika omwe amatha ngati sopo. Koma lita imodzi ya oilo yomwe ndinkaiona kudula ija ndi kachigawo kakang'ono chabe ka ndalama zomwe ndidalipira pogula pisitoni, maring'i ndi ntchito ya makaniko, osawerengera miyezi iwiri yomwe ndidayenda wapansi. Ndidathawa mame n'kugwa mumtsinje.

Vutoli si langa ndekha. Chaka chilichonse ana anga akalemba mayeso a Fomu 4, owerengeka okha ndiwo amapita kukoleji. Anyamata ambiri otsalawo ndimawapeza pasiteji atakhalira njinga. Ena adagulitsa fodya kapena soya n'kugula yawoyawo, ena amayendetsa ya bwana yemwe amafuna ndalama yake madzulo aliwonse, kaya kwagwa mvula kaya ayi. Mnyamata wotere akapeza kangachepe, amasankha pakati pa oilo, ufa ndi ndalama ya bwana, ndipo oilo ndiye amagonja. Sindingamuweruze msanga. Koma njinga yosasamalidwa siimangofa yokha, imatenganso anthu. Tcheni chikaduka pamtsetse, buleki ikakana pamphambano, tayala losalala likatsetsereka pamatope, zotsatira zake zimakathera kuchipatala. Mmodzi mwa ana omwe ndidawaphunzitsa, yemwe ankakhoza masamu kuposa onse m'kalasi mwake, lero akuyendera ndodo. Adaphunzira kuyendetsa masana amodzi pabwalo la mpira, mawa lake n'kuyamba kunyamula anthu, wopanda laisensi, wopanda helemeti. Amene mudalowapo m'mawodi a othyoka mafupa m'zipatala zathu zikuluzikulu mukudziwa kuti sali yekha.

Kuchokera pambiri ya Bullet ndatolapo zinthu zitatu.

Choyamba ndi kabuku kaja. Njinga ya bambo aja yakhalitsa osati chifukwa chitsulo chake n'chamatsenga, koma chifukwa anthu awiri otsatizana adaisamala n'kumalemba. Ife timakonda kugula, kusamala kumatilaka. Yang'anani mijigo yakufa m'midzi, maambulansi ogonekedwa pamiyala, madesiki othyoka omwe aunjikidwa kuseri kwa makalasi athu chifukwa chosowa msomali umodzi. Tsiku lolandira chinthu timavina, koma tsiku lothira girizi palibe amabwera. Kope la masamba 40 ndi lokwanira kuyamba nalo, ndipo bwana aliyense wa njinga ayenera kuchotseratu ndalama ya oilo asadawerenge phindu lake.

Chachiwiri ndi zaka zisanu ndi ziwiri zija. Ife takhala tikumasula mabokosi a njinga kwa zaka zingati tsopano? Sindikunena kuti mawa tiyambe kusula injini. Koma kodi zishalo, makeriyala, magadi a matope, zingwe za buleki ndi kilatchi n'zoti tiziitanitsa kunja ndi ndalama zakunja zomwe tikusowazi? Amisiri a ku Old Town amawotcherera kale zinthu zovuta kuposa izi ndi zida zosakwanira. Makoleji a ntchito zamanja a m'madera, omwe boma lidayamba kutsegula mu 2015, ndi malo oyenera kuphunzitsirako zimenezi mozama. Ndipo madala ngati aja a pansi pa mtengo, omwe amadziwa matenda a injini pongomva kulira kwake, aitanidwe kuti akaphunzitse nzeruzo zisadapite nawo kumanda.

Chachitatu ndi imfa ya fakitale ya ku Redditch. Adali ndi dzina, adali ndi mbiri, koma adachedwa kumva zomwe ogula ankafuna. A Honda adapita kukaona mmene anthu osauka amakhalira n'kupanga njinga yowayenera. Amene amakonza malamulo a kabaza atengerepo phunziro. Kuthamangitsana ndi anyamatawa mumsewu kokha sikudzathetsa ngozi. Maphunziro oyendetsa, mayeso a laisensi ndi kulembetsa njinga zifike kumaboma ndi m'misika ikuluikulu ya kumudzi, pamtengo womwe mnyamata wa kabaza angaukwanitse. Ndipo ife okwera tisiye kukakamiza woyendetsa kuti atinyamule atatu ndi thumba la feteleza pamwamba, kenako n'kumadzamunena kuti ndi wosasamala.

Tisadasiyane ku City Centre ndidawafunsa bambo aja ngati angaigulitse njingayo. Adapukusa mutu. Adati mdzukulu wawo wamkazi, yemwe akuphunzira za umakaniko, adaipempha kale, ndipo adamuuza kuti adzaitenga tsiku lomwe adzathe kuimasula ndi kuimanganso yekha. Kenako adavala helemeti, adaponda kiki kamodzi kokha, n'kulowera chaku Area 10, kulira kuja kukumvekabe iwo atabisika kale m'mitengo.

Njinga yanga idadzuka sabata ziwiri zapitazo. Pansi pa chishalo pali kope latsopano lokutidwa ndi pulasitiki, ndipo mzere woyamba ndalemba kale. Lachisanu likudzali ndapempha makaniko wakwathu kuti abwere kusukulu tikaweruka, adzaonetse ana a Fomu 3 ndi Fomu 4, anyamata ndi atsikana omwe, mmene amayezera oilo, kumanga tcheni ndi kuona ngati buleki yatha. Ndawauza kuti chitsanzo cha mwini njinga wosasamala sachita kukachisaka patali, aphunzitsi awo ali pompo.

Tikumane sabata yamawa.